Musadikire dzino lipweteke: momwe mungadziwire matenda a mano, nkhama ndi m'kamwa



Ambiri timazindikira kuti dzino ladwala usiku umene latisowetsa tulo. Pofika pamenepo matendawo amakhala atayenda kale miyezi yambiri, mwinanso zaka, ndipo dokotala wa mano ku Liwonde kapena ku Balaka amasowa chochita china kupatula kulizula. Kafukufuku wa mano amene anachitika m'dziko muno, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 2016, anapeza kuti ana asukulu 21 mwa 100 alionse a zaka 12 mpaka 15 anali ndi mano owola. Mwa akuluakulu a zaka 35 kupita m'tsogolo anali 49 mwa 100 alionse. Koma anthu amene anali ndi dzino lomatidwa anali ochepa. Timafika kuchipatala mochedwa, nthawi yomata dzino itadutsa.

M'phunziro lino tiona momwe mungadziwire matendawa ndi maso anu ululu usanayambe, ndi momwe mungasiyanitsire vuto lotha pakhomo, vuto lofuna dokotala sabata yomweyo, ndi vuto lofunika kuthamangira nalo kuchipatala tsiku lomwelo.

Dziwani kaye m'kamwa mwabwino

Mwana amamera mano 20 a ukhanda, ndipo munthu wamkulu amakhala ndi mano 32 akamera onse. Dzino lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli chikutiro choyera chotchedwa enamel, cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi, ndipo sichimva ululu. Pansi pake pali gawo lachikasu lotchedwa dentine, lofewerapo, limene limamva kuzizira ndi kutentha. Pakati penipeni pali kamphako momwe mumadutsa mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomvera ululu. Muzu wa dzino umalowa m'fupa la nsagwada, ndipo fupalo limakutidwa ndi nkhama, zimene ena amati usinini.

Nkhama zabwino zimakhala zolimba, zogwira dzino mothina, ndipo sizituluka magazi potsuka. Mwa ife anthu akuda, nkhama zimatha kukhala ndi mawanga akuda kapena ofiirira kuyambira ubwana. Amenewo ndi mtundu wa khungu chabe, si matenda.

Kudzipima pagalasi

Kamodzi pamwezi sambani m'manja, imani powala ndi galasi, ndipo muunike m'kamwa ndi tochi ya foni. Yambani ndi milomo, kunja ndi mkati. Kokani tsaya lililonse ndi chala muone mkati mwake. Yang'anani nkhama pamalire pake ndi mano, kenako mano enieniwo limodzilimodzi, makamaka achibwano amene ali ndi timikwasa pamwamba. Tulutsani lilime, muone pamwamba, m'mbali zonse ziwiri ndi pansi pake. Weramutsani mutu muone kumwamba kwa m'kamwa. Pomaliza papasani pansi pa nsagwada ndi m'khosi ngati muli timibulu. Mukazolowera maonekedwe a m'kamwa mwanu, chachilendo simuchedwa kuchiona.

Kuwola kwa dzino

M'dzino mulibe nyongolotsi, ngakhale kuti ambiri tinakula tikumva choncho. Chimene chimachitika ndi ichi: pa mano pamamata litsiro lofewa, loterera, loyera mwachikasu, limene mungalipale ndi chikhadabo m'mawa. Azachipatala amalitcha plaque, ndipo ladzaza ndi mabakiteriya. Mukadya shuga, mabakiteriyawo amamusandutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula enamel pang'onopang'ono. Malovu amayesetsa kukonza powonongekapo, koma amafuna nthawi. N'chifukwa chake munthu woyamwa switi pa ola lililonse, kapena wopsontha zakumwa zotsekemera tsiku lonse, amawononga mano kuposa wodya zotsekemera zomwezo kamodzi pa nthawi ya chakudya.

Kuwolaku kumayenda m'magawo anayi, ndipo gawo lililonse lili ndi chizindikiro chake.

Poyamba pamaoneka kadontho koyera ngati choko, kosawala, kawirikawiri pafupi ndi nkhama. Sikapweteka. Apa dzino likhoza kuchira lokha mukachepetsa shuga ndi kutsuka kawiri patsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride.

Kachiwiri dzino limabooka. Pamakhala kadzenje kakuda kapena kofiirira, nyama ndi ndiwo zamasamba zimakodwa malo amodzimodzi nthawi zonse, ndipo madzi ozizira kapena tiyi wa shuga amachititsa dzino kunyerenyetsa kwa kamphindi n'kusiya. Dzino lobooka silidzitseka lokha, koma apa dokotala akhoza kulimata likapulumuka. Ino ndiyo nthawi yabwino yopitira kuchipatala.

Kachitatu matenda amafika pa mtsempha. Dzino limapweteka lokha popanda cholikhudza, ululu wake wogunda ngati mtima, wokula usiku mukagona, ndipo umafalikira kukhutu kapena kumutu mpaka simudziwa dzino lenileni limene likuwawa. Chotentha chikakhudza, ululu umakhala nthawi yaitali osatha.

Kachinayi mtsempha umafa. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka, chifukwa ululu umatha masiku angapo ndipo munthu amati wachira. Koma mabakiteriya amakhala atatsikira kunsonga ya muzu n'kuyamba kupanga mafinya. Dzino limaoneka ngati latalika kuposa anzake, limapweteka mukaluma kapena mukaligogoda, nthawi zina limada, ndipo pa nkhama pamatuluka kachithupsa kotulutsa mafinya. Tsaya limatha kutupa.

Inu amene muli ndi ang'ono anu kunyumba, dziwaninso ichi. Mwana akafika zaka 6 amamera dzino lachibwano lachikulu kumbuyo kwa mano a ukhanda, popanda dzino lina kugweluka. Makolo ambiri amaliyesa la ukhanda, ndipo likabooka amati lidzaguluka lokha. Dzino limenelo likachoka silimeranso.

Mano ofiirira amene sanawole

Kuno kwathu kuli vuto lina limene anthu amalisokoneza ndi kuwola kapena uve. Akatswiri a ku Chancellor College ku Zomba atapima madzi a m'mijigo m'midzi ina yozungulira Liwonde, anapeza kuti muli fluoride wopitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, mlingo umene bungwe la World Health Organization limati usapyoledwe m'madzi akumwa. Vuto lomweli likupezekanso m'madera ena a Balaka komanso ku Nathenje ku Lilongwe. Fluoride ameneyu amachokera m'miyala ya pansi pa nthaka. Akakhala wochepa amalimbitsa mano, koma mwana akamamwa wochuluka pa nthawi imene mano achikulu akupangika m'nsagwada, kuyambira kubadwa mpaka zaka pafupifupi 8, mano amatuluka ali ndi timizere toyera, mawanga oyera ngati choko, kapena ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Matendawa amatchedwa fluorosis.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Fluorosis imagwira mano ambiri nthawi imodzi, mofanana kumanja ndi kumanzere, ndipo imaonekera kwambiri pa mano akutsogolo akumwamba. Mawangawo amakhalapo kuyambira dzino litangomera, dzino limakhala lolimba, ndipo ana ena amene anakulira pa mjigo womwewo amakhalanso nawo. Kuwola kumayamba dzino litamera kale bwinobwino, kumagwira dzino limodzi kapena angapo mosafanana, pamalo pake pamakhala pofewa, ndipo dzenje limakulirakulira.

Choncho mnzanu wa mano ofiirira musamuseke kuti satsuka. Nayenso asakwechese mano ndi makala, phulusa kapena mchenga pofuna kuwayeretsa, chifukwa mtunduwo uli mkati mwa enamel, ndipo kukwecha kumangoperepesa chikutirocho mpaka mano ayambe kunyerenyetsa. Kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini kumapha tizilombo koma sikuchotsa fluoride. Ngati ana ambiri a mudzi umodzi ali ndi mano otere, komiti ya mjigo ndi alangizi a zaumoyo akauze ofesi ya zamadzi ya boma kuti madziwo apimidwe, n'cholinga choti makanda amene mano awo sanapangike atetezedwe.

Chiseyeye

Mukalavula thovu lofiira potsuka mano, kapena mukaona magazi pa nzimbe kapena pa mango amene mwaluma, nkhama zanu zadwala. Gawo loyamba la chiseyeye limadziwika ndi nkhama zofiira, zotupa, zonyezimira ndi zosachedwa kutuluka magazi. Kawirikawiri sizipweteka. Gwero lake ndi plaque yomwe ija imene yakhalitsa pamalire a dzino ndi nkhama. Ambiri akaona magazi amasiya kutsuka pamalopo, ndipo vuto limakula. Choyenera n'kupitiriza kutsuka mofatsa ndi mswachi wofewa, kawiri patsiku kwa mphindi ziwiri. Pakatha sabata ziwiri magazi amayenera kusiya. Akapanda kusiya, pitani kuchipatala.

Plaque ikakhalitsa imauma n'kusanduka chinthu cholimba ngati mwala, chachikasu kapena chakuda, chimene chimakonda kumera kuseri kwa mano akutsogolo apansi. Chimenechi sichichoka ndi mswachi, amachipala ndi dokotala. Chikasiyidwa, matenda amatsikira pansi n'kuyamba kudya fupa logwira muzu. Zizindikiro zake ndi nkhama zothawa mano mpaka mano kuoneka aatali, mipata yatsopano pakati pa mano, mafinya otuluka mukafinya nkhama, fungo losatha, ndi mano ogwedera. Fupa lodyekalo silibwerera, koma matendawo akhoza kuimitsidwa. Dzino loyera lopanda dzenje limatha kuguluka chifukwa cha chiseyeye.

Anthu osuta fodya ndi odwala matenda a shuga amavutika kwambiri ndi matendawa. Amayi oyembekezera nawo nkhama zawo sizichedwa kutupa. Kusowa kwa vitamini C kumachititsanso nkhama kufewa ndi kutuluka magazi, koma magwafa, malambe, mango, malalanje ndi ndiwo zamasamba zimateteza. Ngati nkhama zikutuluka magazi zokha, munthuyo n'kumafookanso, kutentha thupi pafupipafupi kapena kutuluka magazi m'mphuno, akapimitse magazi mwachangu, chifukwa gwero lake likhoza kukhala m'magazimo.

Dzino lomalizira

Inu a Fomu 3 ndi Fomu 4, dzino lakumapeto kwenikweni limamera pakati pa zaka 17 ndi 25. Nthawi zina limasowa malo n'kutuluka theka, nkhama n'kuliphimba mbali ina ngati chivundikiro. Zakudya zimalowa pansi pa chivundikirocho, pamatupa, pamapweteka potafuna, ndipo m'kamwa mumamveka kukoma koipa. Chukuchani ndi madzi ofunda, theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu imodzi, kangapo patsiku, ndipo tsukani pamalopo ngakhale pakuwawa. Mukayamba kulephera kuyasamula bwino, musazengereze, kaonaneni ndi dokotala.

Zilonda ndi mawanga

Tizilonda tozungulira, toyera kapena tachikasu pakati, tofiira m'mbali, timene timatuluka mkati mwa milomo, m'masaya kapena pa lilime, timawawa kwambiri podya tsabola kapena mchere, koma timapola tokha pa masiku 7 mpaka 14. Sitipatsirana, ndipo timakonda kubwera nthawi ya mayeso pamene munthu watopa ndi kuda nkhawa. Timatuza ta madzi totuluka kunja kwa milomo munthu akadwala malungo kapena chimfine ndi tosiyana. Timayamba ndi kavairasi ndipo timapatsirana, choncho musabwerekane kapu kapena supuni mpaka titauma. Ming'alu ya m'makona a milomo kawirikawiri imasonyeza kuchepa kwa magazi kapena kwa mavitamini a gulu la B.

Zoyera ngati chambiko pa lilime, m'masaya kapena kumwamba kwa m'kamwa, zimene zimachoka mukapukuta n'kusiya pofiira, zimayamba ndi mafangasi. Zimapezeka mwa makanda komanso mwa munthu amene wamwa maantibayotiki nthawi yaitali. Zikaoneka mwa wachinyamata kapena wamkulu popanda chifukwa chodziwika, akayezetse shuga ndi HIV. Chimodzimodzi mawanga ofiira moderapo, osapweteka, amene angotuluka kumene kumwamba kwa m'kamwa kapena pa nkhama: akhoza kukhala khansa yotchedwa Kaposi, imene imabwera chitetezo cha m'thupi chikatsika. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kuyezetsa n'kwaulere m'zipatala za boma, ndipo mankhwala alipo.

Lamulo loti mulisunge pamtima ndi ili: chilonda, chotupa, kapena banga loyera kapena lofiira limene latha sabata zitatu osapola likaonedwe ndi dokotala, ngakhale lisakupweteka. Khansa ya m'kamwa imayamba chomwecho, kawirikawiri m'mbali mwa lilime kapena pansi pake, ndipo imakonda anthu osuta fodya, oika fodya m'kamwa ndi omwa mowa. Ngati agogo anu amaika fodya kuseri kwa mlomo, apempheni mwaulemu muwaunike pamalo pamene fodyayo amakhala.

Fungo la m'kamwa

M'mwezi wa Ramadhani m'kamwa mumauma chifukwa malovu amachepa, ndipo fungo limasintha. Fungo limenelo limatha munthu akamasula n'kumwa madzi ndi kutsuka. Fungo limene limakhalapo chaka chonse, ngakhale mutangotsuka kumene, limachokera ku chiseyeye, ku dzino lobooka kapena ku litsiro la kumbuyo kwa lilime, ndipo switi kapena chingamu sizingalithetse. Kuchukucha m'kamwa popanga wudhu kumachotsa nyenyeswa za chakudya, koma plaque ndi yomata, imafuna kukwechedwa. Miswaki imachotsa plaque bwino ngati nsonga yake yatafunidwa mpaka kufewa, ikudulidwa kawirikawiri, ndipo ikufika kuseri kwa mano ndi ku mano achibwano. Ambiri amangopukuta mano akutsogolo amene amaoneka poseka. Tende ndi zotsekemera za pomasula zimamata m'mano, choncho tsukani musanagone komanso mukatha kudya daku.

Zofunika kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo

Kutupa kwa tsaya kumene kwafika m'munsi mwa diso, kapena kutupa kolimba pansi pa nsagwada ndi pansi pa lilime, pamodzi ndi kutentha thupi, kulephera kumeza malovu, kusintha mawu kapena kubanika, ndi ngozi. Mafinya ochokera m'dzino amatha kutseka njira yopumira kapena kulowa m'magazi, ndipo munthu akhoza kumwalira m'masiku ochepa.

Mwana amene nsagwada yake ikutupa mofulumira, mano n'kumagwedera kapena kusuntha popanda dzino lowola, asazulidwe mano kwa azitsamba. Ikhoza kukhala khansa ya ana yotchedwa Burkitt lymphoma, imene dokotala Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 ataiona mwa ana a ku Uganda. Imapezeka kwambiri m'madera a malungo ngati kwathu kuno, imakula m'masabata ochepa, koma ana ambiri amachira akafika msanga kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Mwana wamng'ono wonyentchera, makamaka amene wangodwala chikuku kapena malungo, akakhala ndi zilonda zonunkha kwambiri pa nkhama, tsaya n'kutupa kapena kuyamba kuda, angakhale ndi matenda otchedwa noma. Matendawa amadya mnofu ndi fupa la kumaso m'masiku owerengeka, koma akapezeka koyambirira amachizika ndi maantibayotiki ndi chakudya chabwino. Mu Disembala 2023 bungwe la World Health Organization linawaika pa mndandanda wa matenda a m'madera otentha amene akhala akunyalanyazidwa.

Dzino lachikulu likaguluka lonse pa mpira kapena pogwa pa njinga, ligwireni kumutu kwake, osati ku muzu. Litsukuluzeni pang'ono osalikwecha, libwezereni pamalo pake ngati n'kotheka, apo ayi liikeni mu mkaka, ndipo fikani nalo kwa dokotala ola limodzi lisanathe. Dzino la ukhanda silibwezeredwa.

Mukafika kwa dokotala

Kuno ku Machinga mano amaonedwa pa chipatala cha boma cha ku Liwonde, ndipo ku Balaka pa chipatala cha boma cha pa Balaka. Zovuta kwambiri amazitumiza ku Zomba Central Hospital. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo konzekerani kuyankha mafunso awa: ululu unayamba liti, umabwera wokha kapena ndi chozizira, chotentha kapena poluma, umakhala nthawi yaitali bwanji, ukukudzutsani usiku, ndipo mwamwa mankhwala anji? Mayankho amenewa ndiwo amamuuza dokotala gawo limene matenda afika. Kenako amayang'ana ndi kagalasi, amagogoda dzino, amaona ngati likugwedera, amapima nkhama, ndipo nthawi zina amajambula kuti aone muzu ndi fupa. Mukhale omasuka kumuuza ngati muli oyembekezera, muli ndi shuga, BP kapena muli pa ma ARV.

Podikira tsiku lopita, panado amachepetsa ululu. Musaike asipirini pa nkhama, amawotcha mnofu. Musathire asidi wa m'batire, parafini kapena mafuta a galimoto m'dzino lobooka. Makapisozi ogula pa golosale akhoza kuphwetsa chotupa kwa masiku angapo, koma gwero la mafinya limatsala m'dzino momwemo, ndipo chotupa chimabweranso.

Madokotala a mano ndi ochepa kwambiri m'dziko muno. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 pa sukulu imene lero ndi Kamuzu University of Health Sciences, ndipo Malawi College of Health Sciences imaphunzitsa akatswiri a mano amene timawapeza m'zipatala za m'maboma. Inu amene mumakhoza bwino Biology, Chemistry ndi Physics, ntchito imeneyi ikufuna anthu.

Mafunso okambirana m'makalasi

1. Mtsikana wa zaka 15 ali ndi mawanga ofiirira pa mano anayi akutsogolo, ofanana mbali zonse, osapweteka, ndipo mchimwene wake alinso nawo. Mukuganiza kuti ndi chiyani, ndipo mungamulangize kupewa chiyani?

2. Mnyamata anavutika ndi dzino usiku kwa sabata yathunthu, kenako ululu unatha wokha. Tsopano pa nkhama patuluka kachithupsa. Fotokozani chimene chachitika mkati mwa dzinolo.

3. Tchulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti chiseyeye chafika pa fupa.

4. Bambo wosuta fodya ali ndi chilonda chosapweteka m'mbali mwa lilime kwa mwezi umodzi. N'chifukwa chiyani kusapwetekako sikuyenera kumulimbitsa mtima?

Ntchito ya kunyumba: dzipimeni pagalasi motsatira ndondomeko ili pamwambayi, kenako, makolo akavomera, unikani m'kamwa mwa mng'ono wanu wa zaka 6 mpaka 10 ndipo mupeze dzino lake lachibwano lachikulu. Mukaona dzenje, chotupa kapena chilonda chokhalitsa, auzeni makolo tsiku lomwelo kuti akonze ulendo wa kuchipatala.